Mpunga M'munda wa Chimanga

Ine ndine mwana wa kuphiri. Ndinabadwira kufupi ndi Fort Lister, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, kumene minda ndi yotsetsereka ndipo khasu limayamba lagunda mwala lisanapeze dothi. Kwathu timadziwa chimanga, nandolo, chinangwa ndi kalongonda. Mpunga tinkaudya pa Khirisimasi pokha, wogulanso. Nditakwatira ndinatsikira kuchigwa, mbali ya kwa Kaduya, kukakhala kwawo kwa mkazi wanga monga timachitira kuno. Anatipatsa munda m'mbali mwa kamtsinje, wa dothi lakuda lofewa, ndi kamunda kena kumtunda kodzala nandolo. Munthu wina akanathokoza. Ine ndinkalima mindayo mtima uli kwina.

Mtima wanga unali ku Joni. Achimwene anga aakulu anapita kumeneko ine ndili ndi mwana mmodzi yekha, ndipo zithunzi zimene ankatumiza pa foni zinkandidwalitsa. Pena ayima pambali pa galimoto, pena avala jekete lachikopa pakati pa nyumba zazitali. Ndinatenga pasipoti, n'kuyikulunga m'pepala la pulasitiki, n'kuyisunga pansi pa zovala m'chikwama. Chimene chinatsala ndi mawu awo okha, oti malo apezeka, nyamuka. Ndikawafunsa ankangoti, "Dikira pang'ono mphwanga, zinthu sizinakhale bwino." Ndinadikira mpaka ana anakwana atatu.

Kutchalitchi sindinkajomba, komanso ndinali mmodzi wa osesa ndi kukonza mabenchi. Koma pemphero langa linali limodzi lokha, m'mawa ndi madzulo: Ambuye, nditsegulireni njira ndichoke kuno. Foni ndinkapita nayo paliponse, ngakhale kumunda, ndipo ikalira mkati mwa ulaliki ndinkatuluka mothamanga poganiza kuti mwina ndi achimwene. Chinkandiwawa kwambiri chinali chakuti palibe chimene ndikanachiloza n'kunena kuti ichi n'changa. Munda wa akuchikazi, malo a nyumba a akuchikazi, ngakhale mtengo wa mango umene ndinadzala ndekha unali pa nthaka ya eni. Ndinkadziona ngati mlendo amene wachedwa kutsanzika.

Chaka chimene ndikunenachi chimanga chinamera bwino kuposa zaka zonse. Feteleza tinali titathira kale, ndipo pofika kumapeto a Januwale chinali chondifika m'chiuno, chobiriwira mpaka kuda. Kenako mvula inagwa masiku anayi osalekeza. Tsiku lachisanu m'mawa ndinatsikira kumunda, ndipo ndisanafike ndinamva mkokomo kumalo kumene sikunamvekepo mkokomo. Kamtsinje kanali katang'amba gombe pokhotera paja n'kudzipangira njira yatsopano yodutsa m'munda mwathu. Mizere yonse inali itamira. Nsonga za chimanga zokha ndi zimene zinkaoneka, zikugwedezeka m'madzi ofiira.

Ndinkaganiza kuti madziwo aphwa pakapita masiku awiri. Sanaphwe. Anatsika n'kulekeza m'miyendo, n'kukhala pomwepo, ena akulowa kumtunda ena akutuluka kumunsi. Chimanga chinasanduka chachikasu, kenako chinayamba kununkha.

"Mwaona tsopano," ndinatero kwa mkazi wanga tili chiimire pachulu cha m'mbali mwa munda. "Mulungu akundithamangitsa kuno. Ichi ndi chizindikiro."

Iye anayang'ana madziwo kwa nthawi, mwana ali kumsana, kenako anati, "Ngati akukuthamangitsani, bwanji foniyo siikulira?"

 Mlungu umenewo sindinapemphere ngakhale pachakudya.

Amene anasintha zinthu ndi apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga. Anali amayi aafupi, oyenda mofulumira, amene anakulira kumadambo a kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Masiku ano ambiri anasiya mwambo woti mkamwini ndi apongozi ake aakazi asayang'anane kumaso, koma iwo sanausiye. Tikakumana panjira ankapatukira kutchire, ndipo zonse zofuna kundiuza zinkadzera mwa mwana wawo. Tsiku lina anatipeza kumunda kuja. Anakwinya nsalu yawo, n'kulowa m'madzi, n'kuyenda kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, akuponda apa ndi apo ngati munthu woyesa ngati nthochi yapsa. Atatuluka anaima chondifulatira, pafupi kwambiri moti ndinkamva kupuma kwawo.

"Auze bambowo kuti madziwa sachoka msanga," anauza mkazi wanga. "Apa pakufunika mpunga."

"Auze amayi kuti ine mpunga sindiudziwa," ndinatero. "Komanso nyengo yofesa inadutsa, mbande tilibe."

"Auze kuti za mbande asiyire ine. Iwo azule chimanga chowolachi, asalaze, akweze mizere m'mbali kuti madzi asamathamange."

"Auze kuti..."

"Aa, mwamvana kale anthu inu," anatero mkazi wanga. "Ine ndizibwereza chiyani?"

Apongozi anaseka chogwira pakamwa, akuyang'anabe kuphiri. Ine ndinatenga khasu, osati chifukwa ndinakhulupirira, koma chifukwa kukana mawu a apongozi n'kovuta kuposa kulima.

Lamulungu lotsatira mapemphero atatha, anayendera mmodzimmodzi anthu a mumpingo mwathu amene ali ndi minda ya mpunga kumunsi kwa chigwa, kupempha mbande zotsala m'manazale awo. Mkati mwa mlungu mitolo inayamba kufika. Wina wabwera nawo pamutu, wina wamanga pakaliyala ya njinga, mizu ikudontha matope. Bambo wina amene tinali titayambanapo pa nkhani ya mbuzi anabweretsa mitolo iwiri, n'kuyiika pansi pa mango, n'kumapita. Mbandezo zinali zamitundumitundu, zina zazitali, zina zazifupi, zina zokula kale mopitirira. Apongozi anangoti zonse ndi mpunga.

Tsiku lowokera sindidzaliiwala. Ndinkayembekeza kuti tikhala atatu, koma dzuwa likutuluka ndinaona mzere wa anthu ukutsika ndi njira ya kumunda, amayi ambiri ndi abambo angapo, onse a kutchalitchi kwathu. Analowa m'matope ngati akulowa m'nyumba mwawo. Anaima mzere umodzi kuchokera m'mbali kufika m'mbali, n'kuwerama, n'kumabwerera chambuyo, manja akuthamanga ngati nkhuku zikutola chimanga. Mayi wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, onse n'kuvomera, ndipo mbande zinkalowa m'matope motsatira nyimboyo.

Ine ndinali chiseko cha tsikulo. Ndikabzala mbande, ndikangochotsa dzanja inkayandama n'kumanditsatira. Apongozi, amene anasankha kuima kumapeto ena a mzere, ankafuula m'mwamba ngati akulankhula ndi mitambo kuti munthu wina akugwira mbande ngati akuopa kuti imuluma, agwire ndi zala zitatu, alowetse mpaka pachikhatho. Kenako ndinamva kuyabwa pamwendo. Nditayang'ana ndinapeza msundu wonenepa utakakamira pansi pa bondo. Kuphiri kwathu kulibe zimenezo. Ndinadumpha, mwendo wina n'kutsalira m'matope, ndipo ndinagwa chagada, madzi n'kuthovukira anthu anayi. Nyimbo inaduka. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi m'madzi momwemo. Ndinapezeka kuti nanenso ndikuseka, matope ali m'makutu, ndipo kanali koyamba kuseka chigwereni mvula ija.

Patapita masabata awiri mbande zinagwira. Munda umene unkanunkha chimanga chowola unasanduka wobiriwira mwa mtundu wina, wowala, moti mphepo ikadutsa unkayenda ngati madzi. M'mawa uliwonse ndinkathamangira kukaona, ndikudziuza kuti ndikukangoyang'ana mizere ngati siinagumuke. Zoona zake ndinkafuna kungouona.

Ndiye kunabwera za milamba. Chakumapeto kwa Malichi madzi atayamba kuchepa, tinapita ndi mkazi wanga kukazula udzu. Pakona ya kumunsi panali dzenje limene madzi osefukira aja anakumba. Ndikudutsa pamenepo chinthu chinandimenya pakakolo, ndipo ndinakuwa poganiza kuti ndi njoka. Mkazi wanga anabwera, n'kuyang'anitsitsa, n'kuponya pansi udzu umene unali m'manja.

"Abambo, tsekani uko. Tsekani ndi miyendo, musasunthe."

Inali milamba, yodzaza dzenje lonse, yonenepa ngati mkono wanga. Inabwera ndi madzi aja n'kutsekeredwa ndi mizere imene ndinakweza monyinyirika. Tinaigwira ndi manja, ikutipulumuka, ikutimenya ndi michira kumaso. Mkazi wanga anavula nsalu yapamwamba n'kuyisandutsa ukonde. Umodzi unandibaya ndi minga yake pachala, koma sindinausiye. Tinabwerera kumudzi titanyamula ndowa yodzaza, tili matope okhaokha, ana akuthamanga kutsogolo kukalengeza. Tsiku limenelo aliyense amene anatipatsa mbande analandira mlamba wake, ndipo kwa bambo wa nkhani ya mbuzi uja ndinakapereka ndekha.

Mpunga utayamba kutulutsa ngala, zinafika mbalame. Apongozi anali atachenjeza kale kuti ntchito yeniyeni ya mpunga si matope ayi, ndi mpheta. Timbalame timeneti timabwera ngati utsi, gulu limodzi kuphimba dzuwa, ndipo tikatera pamunda kwa kanthawi kochepa timasiya mankhusu okhaokha. Vuto lathu linali lalikulu kuposa la ena chifukwa cha mbande zosakaniza zija. Mpunga wina unkacha pamene wina ukungoyamba kumene kutulutsa, ndiye ulonda umene ena amachita masabata ochepa ife tinauchita pafupifupi miyezi iwiri.

Ndinamanga nsanja pakati pa munda, ndi kadenga ka udzu. Kuchokera pansanjapo ndinakoka zingwe kupita kumakona onse, n'kupachikapo zitini zokhala ndi timiyala mkati. Ana athu awiri okulirapo anali kusukulu, mkazi wanga anali ndi khanda komanso kamunda ka nandolo, choncho ulonda unali wanga. Ndinkafika kusanatenthe, ndi botolo la thobwa ndi chinangwa chophika, n'kuchoka dzuwa litalowa. Tsiku lonse kukoka zingwe, kukuwa, kuponya zibuma ndi legeni.

Masiku oyamba ndinkakuwa ndi ukali weniweni. Ndipo popeza pakamwa panali potsegula kale, pamalo popanda wondimva, ndinayamba kulankhula ndi Mulungu mokweza. Sanali mapemphero aulemu aja a kutchalitchi. Ndinkamufunsa kuti anzanga amene tinali nawo limodzi kusukulu akuyendetsa magalimoto, ine n'kukhala pamtengo kumakangana ndi mbalame, ndinalakwa chiyani. Ndinamuwerengera zonse, kuyambira chimanga chija mpaka nsapato zanga zong'ambika. Pakati pa chiganizo mpheta zinkatera, ine n'kukoka chingwe, zitini n'kulira, kenako n'kupitiriza pamene ndinalekezera.

Madandaulo anatha pasanathe mlungu. Sindinkadziwa kuti angathe, koma ndinafika poti ndikatsegula pakamwa ndinkapeza kuti zonse ndanena kale. Tsiku linali likadali lalitali, ndipo chizolowezi cholankhula chinali chitandilowa. Ndiye ndinayamba kumuuza zimene ndikuona. Ndinkamuuza kuti lero Michesi lavala mtambo kumutu kokha, kuti akakowa awiri aja abweranso, kuti mpunga wa pakona ya kumadzulo ndi wonunkhira moti fungo likufika pansanja. Ndinkamuuza za khanda lathu kuti lamera dzino, za mwana wamkulu kuti wayamba kuwerenga bwino kuposa ine. Ndinadzidzimuka tsiku lina nditazindikira kuti zimene ndikuchitazi ndi kuthokoza, ndipo palibe amene wandiuza kuti nditero. Tsiku lomwelo madzulo mkazi wanga anandionetsa foni yanga ili pawindo, batire litatha.

"Ili pamenepa tsiku lachitatu lero," anatero. "Ndimati ndione kuti mukumbukira liti."

Panatsala nkhani ya Lamulungu. Mbalame sizidziwa kuti lero ndi tsiku lopembedza, choncho Malamulungu atatu otsatizana ndinakhala pansanja, ndikumva belu kutali. Loweruka lachinayi apongozi anabwera kunyumba, n'kukhala kuseri kwa nkhokwe, n'kuuza mwana wawo kuti mawa kuli mgonero ndipo mpingo wonse umene unawokera mpunga uja ukufunsa kuti mwini munda ali kuti. Ndinayankha kuti ndikachoka pansanja theka la tsiku, tidzakolola mapesi. Iwo anati sakundikakamiza, angonena zimene anthu akufunsa.

M'mawa mwake ndinadzuka ndi cholinga chopita kumunda. Ndinafika mpaka pachulu paja. Mpunga unali utawerama ndi kulemera, mame akunyezimira, mpheta zitayamba kale kusonkhana m'bango. Ndinaima pamenepo ndikulimbana ndi mtima wanga. Kenako ndinalankhula monga ndinazolowera pansanja. Ndinati, Ambuye, mundawu sindinaupemphe, mbande sindinafese, madzi sindinatunge. Mwandisunga mpaka lero ndi zinthu zimene sindinaziganizire n'komwe. Ndikupita kunyumba kwanu, ndipo chimene ndidzapeze pobwera ndidzachilandira. Ndinabwerera kunyumba mothamanga, n'kusamba, n'kuvala malaya oyera. Mkazi wanga anangondiyang'ana n'kundipatsa khanda kuti ndinyamule.

Sindinama, mkati mwa mapemphero maganizo ankathawira kumunda. Koma titayamba kuimba ndinamva kupepuka kumene sindinakumvepo chikhalire. Ndinkaimba mokweza ndi mawu osasa aja a munthu wokuwa mbalame, mpaka amayi a kutsogolo ankacheuka. Ndinayang'ana anthu amene anali m'mabenchi, ndipo pafupifupi aliyense ndinkakumbukira mmene anaonekera ali m'matope a m'munda mwanga. Zaka zonsezo ndinkadziyesa mlendo pakati pawo, koma iwo sanandiyesepo choncho.

Titaweruka ndinapita kumunda ndisanavule n'komwe malaya oyera aja. Mumtima ndinali ndi kachiyembekezo koti mwina ndikapeza chozizwitsa, mbalame zitazungulira munda osaterapo. Sizinatero. Nditangofika gulu lalikulu linadzuka pakona ya kumadzulo, pa mpunga wonunkhira uja, umene unali woyamba kucha komanso wabwino kuposa wonse. Ndinalowa n'kugwira ngala. Zinali zopepuka, zoyera, zopanda kanthu. Chigawo chonsecho chinali chitapita.

Ndinaima pamenepo kudikira ukali uja kuti ubwere, chifukwa ndinkaudziwa bwino mmene umayambira. Sunabwere. Chinandiwawa ndithu, koma ngati mmene chimawawira chala ukapunthwa, osati ngati munthu amene walandidwa moyo. Ndinayang'ana mbali ina ya munda, imene inali isanache, ndipo inali yonse, yochuluka kuposa imene yadyedwa. Ndinazindikira kuti ndinanena zoona m'mawa uja, kuti chimene ndidzapeze ndidzachilandira, ndipo mtima wanga unali utavomereza ndisanadziwe. Chimwemwe chimene chinandigwira pamenepo n'chovuta kuchifotokoza kwa munthu amene sanakhalepo zaka zambiri ali wosakhutira. Zinali ngati ndatula mtolo wa nkhuni umene ndinaiwala kuti ndausenza. Ndinakwera pansanja, n'kukoka zingwe zonse pamodzi, zitini n'kulira munda wonse, ine ndikuseka ndekha.

Mkazi wanga atafika ndi chakudya anaona pakona paja ndipo anagwira pakamwa.

"Pepani abambo. Ndi ife tinakukokerani kutchalitchi."

"Palibe anandikoka," ndinatero. "Khala pansi tidye. Wotsalawu utikwanira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandigwira pamphumi ngati akuyesa malungo.

Tinayamba kukolola mu Meyi, ngala imodziimodzi ndi mpeni, kusankha zakucha n'kusiya zosacha. Tili mkati mokolola, achimwene aja anabwera kuchokera ku Joni kudzamanga chiliza pamanda a bambo athu. Mwambo utatha kuphiri, anatsikira kuchigwa kudzandiona. Galimoto anaisiya pamsewu chifukwa njira ya kumunda ndi yopapatiza, ndipo anafika pachulu atanyamula nsapato m'manja, buluku atapinda. Anali atanenepa, koma maso awo anali otopa, ndipo imvi zinali zitachuluka kuposa za pazithunzi. Tinakhala pansi pa nsanja.

"Mphwanga, zija zatheka," anatero. "Bwana wa mnzanga akufuna munthu wosamalira maluwa ndi kapinga. Pogona pali pomwepo. Ndinati ndisakuuze pa foni, ndidzakuuze pamaso. Ndikunyamuka Lachinayi, malo m'galimoto alipo. Pasipoti ija ikadali ndi masiku?"

"Ikadali nawo."

"Basi, yamba kulongedza."

Awa ndi mawu amene ndinawapempherera zaka zonse zija. Ndinkaganiza kuti tsiku limene ndidzawamve ndidzadumpha mpaka kugunda denga. Mtima unagundadi, koma ndinapezeka ndikuyang'ana mpunga wa pakati umene unkafunika masiku ena khumi kuti uche. Ndinawapempha kuti andipatse tsiku limodzi. Anadabwa, koma anavomera.

Madzulo a tsikulo, tikupuntha mpunga pabwalo, ndinamuuza mkazi wanga. Sanasiye kupuntha.

"Pitani," anatero. "Mpungawu timaliza ndi amayi. Ana akukula, sukulu ya sekondale ikubwera, ndipo kumeneko mukhoza kutithandiza. Sindikufuna kuti tsiku lina mudzakhale pakhondepa n'kumati mkazi ndi amene ananditsekereza."

"Nanga iweyo ukufuna chiyani?"

"Zimene ndikufuna ine mukuzidziwa. Koma mwakhala mukupempha Mulungu chinthu ichi kuyambira ndili ndi mimba ya wachiwiri. Wakupatsani. Mukambirane naye nokha."

M'mawa mwake ndinapita pansanja ngakhale mbalame zinali zitachepa. Ndinaganiza zonse mosabisa. Kupita sikunali tchimo, ndipo anthu ambiri abwino a mumpingo mwathu ali kumeneko, akusamalira mabanja awo mokhulupirika. Mawu a mkazi wanga okhudza sukulu analinso oona. Koma nditadzifunsa chimene chinkandithamangitsa zaka zonse zija, ndinapeza kuti sinali njala, chifukwa sitinagonepo ndi njala. Anali mantha oti ndikakhala kuno ndidzafa ndili munthu wopanda kanthu, ndiponso maganizo oti Mulungu amagawira zabwino zake kutsidya kwa malire kokha. Mantha amenewo ndinawafunafuna mumtima ndipo sindinawapeze. Ndinkafuna kuona mpunga wa pakatiwo ukucha. Ndinkafuna kumva khanda lathu likuyamba kulankhula. Ndinatsika pansanja ndikudziwa yankho, ndipo ndinayenda ulendo wonse wa kuphiri wapansi, mofulumira ngati ndikukalandira mphatso.

Achimwene ndinawapeza akutsuka galimoto. Nditawauza anasiya nsanza ija pagalasi.

"Iwe, zaka zonsezi wakhala ukundiimbira foni mpaka ndinkaopa kuyankha. Lero ndakupezera malo ukuti chiyani? Wakolola matumba angati kuti uyambe kunyada?"

"Ochepa, achimwene. Ena zinadya mbalame."

"Ndiye?"

"Ndiye ndapeza kuti ndili bwino. Sindikudziwa kuti ndikufotokozereni bwanji. Ndinkayesa kuti Mulungu anandiiwala kuno, koma chaka chino ndaona kuti amadziwa pamene ndili. Zikadzavuta adzadziwabe."

Anapukusa mutu, n'kunena kuti anthu a kuchigwa andidyetsa mankhwala. Anakwiya ndithu, ndipo anali ndi chifukwa, popeza anali atalonjeza kale kwa anthu kumeneko.  Kenako ndinatchula mwana wa azakhali athu, bambo wa ana awiri amene munda wake wonse unakwiririka ndi mchenga chaka chomwecho, ndipo analibe pogwira. Achimwene anaganiza, n'kunena kuti amuyesa. Ndi amene anapita Lachinayi lija, ndipo ali komweko mpaka pano.

Lachitatu madzulo achimwene anabweranso kwathu kudzatsanzika. Mkazi wanga anasinja mpunga watsopano mumtondo, n'kuphika ndi mlamba wouma umene tinasunga. Unali mpunga wosakanizika, mbewu zina zazitali zina zazifupi, zina zofiirira. Anadya mbale yoyamba, n'kupempha yachiwiri. Atamaliza anatsamira khoma, n'kuyang'ana ana akusewera pabwalo, n'kunena motsitsa mawu kuti mwana wawo wamng'ono, amene anatsala kumudzi, amawatcha amalume akawaona pa foni.  Tinawamangira kathumba ka mpunga kuti akadye kumeneko, ndipo anakaika pampando wakutsogolo.

Mu Juni kutchalitchi kwathu kumakhala Lamulungu la masika, pamene aliyense amabweretsa gawo la zokolola zake kudzathokoza. Zaka zonse mkazi wanga ndi amene ankapita kutsogolo ndi dengu la chimanga, ine n'kutsala pabenchi. Chaka chimenecho ndinamuuza kuti beseni la mpunga ndinyamula ndine. Nthawi itakwana ng'oma zinayamba, anthu n'kuima mzere, wina ndi nkhuku, wina ndi mtolo wa nzimbe, wina ndi maungu. Ndinanyamula beseni m'manja monga amachitira abambo, koma linali lolemera, ndipo miyendo inali itayamba kale kutsatira ng'oma. Ndinangolikweza n'kulisenza pamutu. Amayi anayamba nthungululu. Ndinavina kuchokera kukhomo mpaka kuguwa, mpunga wina ukutayikira m'khosi mwa malaya, ana anga akubisa nkhope ndi manyazi, abusa akuseka mpaka kuvula magalasi. Bambo wa nkhani ya mbuzi uja anatuluka pabenchi n'kuvina pambuyo panga, akutola ndi chipewa mpunga umene unkagwa.

Chaka chotsatira anthu a m'mudzi tinagwirizana zotseka pamene kamtsinje kanang'amba, chifukwa madzi ankaopseza nyumba za kumunsi. Munda unauma, ndipo tinabwerera ku chimanga. Mpunga ndinalima chaka chimodzi chokhacho. Zaka zina zakhala zabwino, zina zovuta kwambiri, ndipo chaka china tinadya chinangwa chouma miyezi itatu. Masiku ena ndikaona anzanga akubwera ndi magalimoto pa Khirisimasi, kamtima kaja kamayambanso kugunda. Ndikakamva ndimatenga khasu n'kupita kumunda, n'kukayamba kumuuza Mulungu mokweza, kudandaula kaye ngati kulipo kodandaula, mpaka kutatha. Anthu odutsa panjira anazolowera. Amangondipatsa moni, ine n'kuyankha, n'kupitiriza.